Kuwoloka Mlatho Yunivesite Itatsekedwa

Anatitsekera yunivesite mayeso atayandikira. Ndinali m'chaka choyamba, ndipo zimene ophunzira aakulu ankakangana ndi boma sindinkazimvetsa kwenikweni. Ndinangoona apolisi pageti m'mawa, kenako kumva kuti aliyense alongedze zake dzuwa lisanalowe. Tsiku lobwerera sanatiuze. Anati tizimvetsera wailesi.

Ndinakwera sitima ya ku Livingstone ndi mtsikana amene ndinkagona naye chipinda chimodzi. Anali wa mtundu wa Alozi, wa m'tauni yathu yomweyo, ngakhale tinadziwanira ku Lusaka. Iye anakulira m'nyumba za pafupi ndi njanji, ine ku Maramba, kumene makolo anga anakhazikika atachoka kum'mawa ndisanabadwe. Tonse tinkachita phunziro loyamba la zachuma, lija lonena za mmene wogula amasankhira zinthu ndi mmene kampani imaganizira za zimene ipange. Buku lake tinali nalo limodzi anthu awiri, lakale, logula kwa wa chaka chachiwiri. Sitima itaima nthawi yaitali penapake kupitirira Kafue popanda wotiuza chifukwa, mnzangayo anatulutsa lezala m'chikwama n'kulidula bukulo pamsana.

"Iwe tenga ya ogula, ine nitenga ya makampani," anatero m'Chinyanja chathu cha m'tauni. "Tikasiliza tizachinjana. Ni masabata awiri chabe, uzaona."

Masabata awiri anatha, mwezi unatha, mvula inali isanabwere. Amene anakhalako ku Livingstone nthawi imeneyo ya chaka akudziwa. Mchenga wa m'misewu ya ku Maramba umawotcha kudutsa m'nsapato, malata amalira okha masana, ndipo munthu umatuluka m'nyumba chifukwa cha kutentha n'kubwereramo chifukwa cha kutentha komweko. Ndinkadzuka mbandakucha ngati ndili ndi kalasi, kusesa bwalo losesasesa kale, kutsegula theka langa la buku, kuwerenga ndime imodzi kangapo, kulitseka. Nkhani za masana zikayandikira ndinkakhala pafupi ndi wailesi, mtima uli m'mwamba. Ankanena za misonkhano, za chimanga, za alendo a boma. Za ife ayi. Ndikazimitsa, miyendo inkandiyabwa, n'kuyenda mpaka kumsika ndi kubwerera osagula kanthu.

Anansi nawo sankathandiza. "Ba studenti, mukali kuno? Kapena anakupishani?" Ankafunsa moseka ngati anandichotsa sukulu, koma funsolo linali lomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo ndinayamba kudzera kuseri kwa nyumba.

Amayi anaona kuti pakhomo pali munthu wopanda chochita, n'kundipatsa ntchito ya mizere. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Mitengo ya shuga, sopo, mafuta ophikira ndi ufa inkaikidwa ndi boma, ndipo inali yotsika, koma katunduyo m'sitolo munalibe. Mphekesera ikamveka kuti lole yatsitsa kanthu m'tauni, anthu ankathamanga. Ukapeza mzere unkayamba waima, kenako n'kufunsa wa kutsogolo kwako kuti kwabwera chiyani. Nthawi zina nayenso sankadziwa.

M'mizere imeneyo ndi mmene ndinawerengera gawo la ogula. Bukulo linkanena za munthu amene ali ndi ndalama zochepa ndi zinthu ziwiri patsogolo pake. Pali mzere wowongoka wosonyeza pamene thumba lake lathera, ndi mizere yokhota yosonyeza kusakaniza kwa zinthu ziwirizo kumene kungamukondweretse mofanana. Munthuyo amayang'ana, amayeza, n'kusankha pamene mzere wokhota wakhudza wowongoka. Ndinkatha kujambula zonsezo osayang'ana m'buku. Koma ndikakweza maso ndinkaona mashelefu odzaza ndi polishi wa nsapato kuyambira pansi mpaka kudenga, ndi wogulitsa akufuula kuti paketi imodzi munthu mmodzi. Ndinkakwiya osadziwa amene ndikumukwiyira, wolemba bukuyo kapena wogulitsayo.

Atate ankagwira ntchito pafakitale yoluka mabulangete. Miyezi imeneyo ulusi wochokera kunja sunkabwera, ndipo makina ambiri anali chete. Komabe ankadzuka, kuvala ovolosi yochapa, kupalasa njinga, kukakhala pafupi ndi makina awo tsiku lonse, kuwapukuta ndi kuthira mafuta. Loweruka lina masana tili pansi pa mtengo wa mango anandifunsa mwadzidzidzi.

"Mwanawe, zimene ukuphunzirazo zimanenako za fakitale ngati yathuyi?"

"Zimanena, atate."

"Zikuti chiyani?"

Ndinawauza zimene ndinkakumbukira m'kalasi. Kuti kampani ili ndi ndalama zimene imawononga ngakhale isapange kanthu, monga za nyumba ndi makina, ndi zina zimene zimakwera ikamapanga zambiri, monga ulusi ndi magetsi. Kuti ikhoza kupirira kanthawi ikuluza, malinga ngati zimene ikugulitsa zikubweza za ulusi ndi za antchito.

"Nanga ikakhala kuti sikugulitsa n'komwe?"

"Pamenepo sitinafike bwinobwino. Gawo limenelo lili ndi mnzanga."

Anaseka pang'ono, n'kutola mango osapsa amene anagwa, kuwayang'ana, kuwaponya kumpanda. "Ukalitenge msanga gawolo, udzatiuze. Ife kumeneko palibe akutiuza."

Poyamba ine ndi mnzanga tinkakumana kawirikawiri pakhonde la kwawo. Iye anali wamutu kuposa ine. Zimene ine ndinkaloweza, iye ankangoziona kamodzi. Ankajambula mizere ija pamchenga ndi kamtengo, kufuta ndi phazi, kujambulanso, akulankhula mofulumira. Koma kukhala pansi sankatha. Tikawerenga pang'ono ankadzuka, kukaima pampanda kuyang'ana mabogi akukankhidwa panjanji, kubwerera, kufunsa ngati ndamvako chilichonse. Kenako ndinayamba kumuphonya. Ndikafika, amayi ake ankandipatsa mpando ndi madzi n'kunena kuti wapita ndi azakhali ake.

Azakhali akewo anali mayi wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, mmodzi wa amayi amene ankawoloka mlatho wa pamathithi kupita tsidya la Zimbabwe kukagula zimene kwathu zinkasowa. Malire anali atatsegulidwanso nkhondo ya kumeneko itatha, ndipo anthu a m'tauni ya m'malire ankatha kutenga chiphaso cha tsiku limodzi. Mnzanga anayamba ndi kuwanyamulira katundu. Tsiku lina anabwera yekha kwathu, nkhope itada ndi dzuwa, maso akuwala.

"Iwe, uzafa na wailesi. Tiye mailo ukaone chabe," anatero, kutanthauza mawa lake.

"Atate sangalole."

"Uzabauza kuti uli ku laibulale. Sitizachedwa."

Kwa atate sindinanene kanthu. Ndinauza amayi. Anamaliza kupeta mpunga, kenako analowa m'nyumba, n'kubwera ndi kandalama komanga pansonga ya chitenge. "Ukapeze sopo wosambira," anatero osandiyang'ana. "Ndatopa kusamba ndi wochapira, ndipo nayenso watha."

Ndinakulira mtunda wochepa kuchokera pamathithi, koma mlathowo ndinali ndisanaupondepo. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya munthu wina wodziwana ndi azakhali, n'kutsikira pamalire, kudinditsa ziphaso, kuyamba wapansi. Inali nthawi ya madzi ochepa, mbali yathu miyala ili poyera, koma mkokomo unkamveka m'chifuwa. Pakati pa mlatho ndinayang'ana pansi, madzi obiriwira akuzungulira kutali kwambiri, n'kuima pomwepo. Mnzanga anandikoka dzanja. Azakhali anali kale patsogolo, zikwama zopanda kanthu atazipinda m'khwapa, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Sitolo ya tsidya linalo sinali yaikulu. Lero ndikanaidutsa osaiona. Koma nditalowa ndinaima pakhomo mpaka munthu anandigunda kumbuyo. Munali fungo la buledi, la sopo, la maapozi. Munalibe mzere. Palibe amene ankafuula. Ndinapita pashelefu ya sopo n'kupeza mitundumitundu: wobiriwira, wapinki, woyera wokutidwa papepala lonyezimira, waukulu wotchipa, waung'ono wonunkhira maluwa. Ndinatenga mmodzi, kununkhiza, kubweza. Ndinatenga awiri otchipa, n'kuganiza za nkhope ya amayi, kubweza, kutenga wonunkhira uja. Kenako ndinaona majarini, n'kukumbukira kuti atate amakonda kupaka pabuledi ndipo papita nthawi asanalawe. Ndikatenga majarini, sopo akhala mmodzi, wotchipa. Ndikasiya, amayi apeza wabwino. Ndinazungulira mashelefu awiriwo kambirimbiri, ndipo ndinkafuna kulira popanda chifukwa chimene ndikanauza munthu.

Mnzanga anandipeza ndili choncho, iye dengu litadzaza kale.

"Ukali pamene apa? Si ndiwe unabelenga chaputala ya kusankha?"

"Ndisiye."

"Tenga sopo iyi na majarini ing'ono. Yasila nkhani." Anaponya zinthuzo m'dengu langa, n'kupita kukathandiza azakhali kumanga makatoni.

Pobwerera tinasenza. Ine anandipatsa katoni ya mafuta ophikira, yolemera moti khosi linkalira. Pafupi ndi malire pamakhala anyani ozolowera anthu, ndipo azakhali anatichenjeza kuti chakudya chisaoneke. Mayi wina amene anali patsogolo pathu sanamve. Nyani wamkulu anatsika pampanda, kuyenda mwaulemu ngati bambo wopita kutchalitchi, kusolola buledi m'thumba la mayiyo, kukakhala pamwala n'kuyamba kusenda pepala. Mayiyo anamutukwana m'Chitonga, ife tinaseka mpaka ndinatula katoni pansi. Apakasitomu, okhometsa msonkho pamalire, anayang'ana katundu, azakhali analankhula nawo, analipira zoyenera kulipira, tinadutsa. Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka, mapewa akupweteka, mapazi atatupa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Lusaka ndinaiwala kuti pali nkhani za pawailesi.

Atate anadziwa m'mawa mwake ataona majarini patebulo. Sanakweze mawu, sankatero. Anafunsa kumene achokera, ndipo ndinawauza zoona.

"Ndinakutumiza ku Lusaka kuti ukhale wosenza makatoni pamlatho?"

"Ku Lusaka anatithamangitsa, atate. Ndikhale ndikuchita chiyani?"

"Ukhale ukudikira. Ine sindikudikira kodi?" Anali mkulu wa mpingo, ndiponso ankapita kumisonkhano ya Chipani cholamula ya m'dera lathu, kumene ogulitsa zinthu pamtengo wopitirira wa boma ankatchulidwa mayina oipa. "Anthu akakuona ndi amayi aja, adzati mwana wa uje wayamba za katangale. Akakulemba dzina, ngakhale atsegule sukuluyo, iwe udzalowa?"

Amayi anati ndi iwo amene anandituma. Atate anangomwa tiyi wawo ndi buledi wouma, majarini osawakhudza. Majariniwo anakhala patebulopo masiku angapo mpaka anayamba kusungunuka, amayi n'kuwathira m'ndiwo.

Ndinamvera kwa kanthawi. Koma kudikira kunafika poipa kuposa kale, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti tsiku likhoza kutha mwamtundu wina. Ndinkapita kumsika wa Maramba ngati ndikukagula tomato, n'kukhala pabenchi ya azakhali aja. Pamwamba pa tebulo lawo panali nsomba zouma za ku Mongu ndi kapenta. Mafuta ndi sopo zinali pansi, zovundikira ndi thumba. Mnzanga ankathira mafuta m'timabotolo ting'onoting'ono, toti munthu aphikire kamodzi kapena kawiri, ndipo ogula ankabwera, kunong'ona, kulandira, kubisa m'chitenge. Anyamata a Chipani oyendera mitengo akaonekera kumapeto kwa msewu wa matebulo, mluzu unkamveka penapake, ndipo aliyense ankakhala wogulitsa nsomba basi.

"Sukuopa?" ndinamufunsa.

"Niopa. Koma ona." Analoza ndi chibwano mayi wina amene ankachoka ndi kabotolo. "Uja agwira nchito ku hotela. Sangaimilile pa laini kuchoka kuseni. Mu shopu alipila na mendo, kuno alipila na ndalama. Mutengo ukaikiwa pansi maningi, laini italimpa. Ni vamene tinapunzila."

"Tinaphunzira kuti tikalembe mayeso, osati kuti tizibisa mafuta pansi pa nsomba."

Anapukuta manja, n'kusolola pansi pa tebulo theka lake la buku, lili ndi madontho a mafuta pachikuto, n'kuliika pamiyendo panga.

"Nasiliza. Tenga. Yako usunge, sinizaifuna."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Sinizabwelela."

Ndinamuuza kuti wapenga. Ndinati m'kalasi monse munalibe womuposa, kuti aphunzitsi ankamudziwa ndi dzina pamene ife ena tinali nkhope chabe. Iye anati atate ake apuma ntchito ya njanji chaka chamawa, nyumba ija abweza, ndipo pali ang'ono ake anayi. Anati ngakhale atsegule mawa, adzatsekanso, ndipo digiri ya zaka zinayi idzatenga zisanu ndi chimodzi. Kenako ananena chimene ndikuganiza kuti chinali chenicheni.

"Ine kunkala pansi kuyembekeza munthu anikambile pa wailesi, nakangiwa. Mutima uchita monga uzapolika. Apa nikauka niziba kwamene niyenda."

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo unali wosakanikirana ndi nsanje. Ndinanyamuka osatsanzika. Koma patapita masiku ochepa ndinabwereranso, ndipo atandiuza kuti Lachinayi akuwolokanso ndipo akusowa wonyamula, ndinavomera. Ndinali nditaganiza kuti atate anene zimene anene.

Gawo la makampani ndinaliwerenga masiku amenewo, mothamanga, ndili chiimire kapena ndikuyendayenda pabwalo. M'mphepete mwa masamba mnzanga anali atalembamo ndi pensulo mafunso ake, ena otsutsa wolemba. Ndinapeza ndime imene atate ankafuna. Inkanena mosabisa kuti kampani imene siingathe kubweza ngakhale ndalama zoyendetsera ntchito ya tsiku ndi tsiku iyenera kuimitsa makina. Sinkanena kanthu za fakitale imene ikulephera kupeza ndalama zakunja zogulira ulusi, kapena imene boma silikufuna kuti ichotse anthu. Ndinawawerengera atate madzulo ena akukonza tcheni cha njinga, ndikumasulira m'Chinyanja chiganizo ndi chiganizo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chabwino," anatero. "Bola wandiuza." Anapitiriza ndi tcheni chawo.

Chilengezo chinabwera Lachitatu pa nkhani za masana, ndili kubafa. Anamva ndi amayi, n'kumenya chitseko ndi chikhatho. Ophunzira onse abwerere pofika Lolemba, aliyense ndi kalata ya kholo yolonjeza kuti adzasunga mwambo, mayeso ayamba sabata yotsatira. Ndinatuluka thovu lili m'makutu. Ndinkayembekeza kuti ndidzalumpha ndi chimwemwe, koma ndinangoima pabwalo, chitenge chili m'chifuwa, ndikuganiza za Lachinayi.

Ndinathamangira kumsika. Mnzanga anali atamva kale kwa wogulitsa makala amene anali ndi kawailesi.

"Manje mailo?" anafunsa.

"Ndiyenera kuchapa, kulongedza. Tikiti ya sitima."

"Niziba." Anamwetulira. "Tizapeza wina wonyamula. Iwe yenda ukapase."

"Tiye tonse. Ndikupempha. Ukalembe mayeso okhawa, ukaganize bwino pambuyo pake."

Anapukusa mutu, n'kutembenukira kwa wogula amene ankafunsa mtengo wa kapenta. Ndinaima pamenepo kanthawi ndikudikira kuti amalize, koma atachoka ameneyo kunabwera wina.

Atate anandiperekeza kusiteshoni Loweruka, bokosi langa lachitsulo atalimanga pakaliyala ya njinga, akuikankha mumchenga. Kalata ija analemba okha ndi dzanja lawo labwino la kumishoni. Mvula yoyamba inagwa sitima ikudutsa Kalomo, ndipo anthu anatulutsa manja pamawindo.

M'chipinda chathu anaikamo mtsikana wina wa ku Kitwe, wabwino mtima, wochita za sayansi. Mayeso a zachuma anali ndi funso la zimene zimachitika boma likaika mtengo pansi pa umene msika ukanafikira. Ndinajambula mizere yake bwinobwino, kusonyeza kusowa kwa katundu, n'kuwonjezera ndime yonena za nthawi imene anthu amataya pamzere ndi za msika wa pansi pa tebulo. Ndinakhoza, osati mwapamwamba. Mphunzitsi wathu anandiimitsa pakhonde tsiku lina n'kufunsa za mtsikana wamtali uja amene ankakhala pafupi nane ndi kufunsa mafunso ovuta. Ndinati ali ku Livingstone, akuchita bizinesi. Anati n'zachisoni, n'kupitiriza ulendo wake.

Fakitale ya atate sinatsekedwe chaka chimenecho. Ulusi unabwera pang'ono, anagwira miyezi ingapo, unathanso, ndipo zinkayenda choncho mpaka anawapumitsa ine nditatsala pang'ono kumaliza.

Pa tchuthi chotsatira ndinapita kwawo kwa mnzanga tsiku lachiwiri nditafika. Amayi ake anandilandira mwa Chilozi, kuwomba m'manja, kundipatsa mpando pakhonde. Anati mwana wawoyo masiku ano sawolokanso pamlatho, wayamba njira yaitali ya ku Botswana kudzera pa pantoni ya ku Kazungula, chombo chowolotsa magalimoto pamtsinje, ndipo tsopano ali ndi tebulo lakelake. Anati mwina afika lero, mwina mawa, zimadalira pantoniyo ndi magalimoto. Ang'ono ake awiri anadutsa atavala nsapato zatsopano za sukulu, ngakhale sukulu inali yotseka. Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pampanda, ndikudzuka nthawi iliyonse galimoto ikamveka kumsewu. Kenako ndinatsanzika, chifukwa amayi anga anali atamva kuti m'tauni mwabwera palafini ndipo ankafuna ndikaime pamzere asanatseke.